Khwangwala pa Denga la Chigafa

Lameki anakwatira Dorika mu Ogasiti 1954. Anachoka kwawo kwa Mwase n'kukakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wake, cha ku Kapelula. Anamulozera malo omanga nyumba kuseri kwa nkhokwe za apongozi ake, aNachisale, mayi wamasiye. Anamulozeranso munda wa fodya. Mundawo unali wa aNachisale, koma woyang'anira mbumba yonse anali mlongo wawo, a Frazer, amene analinso mkulu wa mpingo.

A Frazer sanabise mawu.

"Tidzaona fodya akadzagulitsidwa," anatero. "Mukakhala munthu wosunga banja, mukhala. Zikakanika, njira ya kwa Mwase mukuidziwa."

Ndi aNachisale, Lameki sankalankhulana. Mwambo unali wotero. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire mpaka wina adutse. Mawu aliwonse ankadzera mwa Dorika kapena mwa a Frazer. Pakhonde pawo Lameki anali asanapondepo, ndipo nkhope yawo ankaidziwira patali.

Mu Novembala, akuchokera kothirira nazale kudambo, Lameki anatola mwana wa khwangwala pansi pa mtengo wa mbawa. Nthenga zinali zisanathe kumera. Anamuika m'chipewa n'kupita naye kunyumba.

Dorika anasuzumira m'chipewamo.

"Amuna a anzanga amabwera ndi nkhwali. Inu mwabwera ndi chiyani?"

"Mlendo."

"Mlendo wanuyo mumuphikira nokha."

Mbalameyo inakana kudya. Lameki anapita kusitolo ya Khamisi, pamsewu wopita kuboma, chifukwa Khamisi ankaweta nkhunda kuseri kwa sitoloyo ndipo zinkamutera pamapewa akamazipatsa mapira. Khamisi anaseka mpaka anaika pansi sikelo ya mchere.

"Khwangwala! Alamu, kwanuko nkhuku zinatha?"

"Ndiuzeni chabe mmene mumachitira."

"Musamukhutitse. Akakhuta sangakumvereni. Muzimuitana ndi likhweru limodzimodzilo, ndipo akachita chimene mukufuna mumupatse pomwepo, osati muyambe mwaseka kaye. Mukachedwa sadziwa kuti mukumulipira chiyani."

"Basi?"

"Basi. Zinazo akuphunzitsani yekha. Khwangwala si nkhunda."

Lameki anayamba ndi ziwala zothothola miyendo ndi gaga wonyowetsa. Ankaimba likhweru, kenako n'kuika chakudya kukamwa. Posakhalitsa mbalameyo inkayasamula ikangomva likhwerulo. Itayamba kuuluka, Lameki ankaima patali pang'ono atatambasula mkono, chiwala chili pakati pa zala. Ikatera pamkono inkadya, ikatera pena sinkalandira kanthu. Pofika Januwale inkachokera pamwamba pa mtengo n'kudzatera pamkonopo. Anthu akamapalira fodya inkayenda pambuyo pawo, chifuwa choyeracho patsogolo, kuyang'ana mzere uliwonse osagwira ntchito. Lameki anaitcha Kapitawo.

Vuto linayamba mu Malichi, nthawi yosoka fodya. Kapitawo anatola singano yaikulu yosokera masamba n'kukwera nayo mumtengo. Singanoyo inali imodzi yokha pakhomopo. Lameki anaima pansi pa mtengo ndi njere ya mtedza mpaka mbalameyo inatsika, ndipo itangolavula singano inalandira njereyo. Apo Lameki anaganiza zoiphunzitsa kubweza zinthu. Anadula kachidutswa ka bango kotalika ngati chala, n'kumakaponya pansi. Ankatambasula chikhatho n'kunena kuti, "Bweza." Kapitawo akaika bango m'chikhatho, dzanja linalo linkatulutsa mtedza. Akalitaya pansi, mtedza unkabwerera m'thumba. Pofika Epulo sankalakwitsa.

Lameki anayesa kuti wathetsa kuba. Koma chimene mbalameyo inaphunzira chinali china. Inaphunzira kuti chinthu cha munthu chikatengedwa, chimagulidwa ndi mtedza. Inayamba kusaka zinthu. Inatenga supuni, batani la malaya a Dorika, chipeso cha mkazi wa nyumba yoyandikana nayo. Zonse inkapita nazo kwa Lameki, ndipo Lameki ankalipira, poopa kuti akaleka, zinthuzo zizitayika kutchire.

Mu Meyi a Frazer anachititsa mapemphero pabwalo. Anthu atatsinzina, Kapitawo anatola pensulo yawo pamwamba pa buku la nyimbo. Atati amen, onse anaona khwangwala akuika pensulo m'dzanja la mkamwini, mkamwiniyo n'kumupatsa mtedza. Amayi ena anabisa nkhope m'nsalu.

A Frazer anadikira kuti anthu abalalike.

"Ndiye inu mumalipira mbala?"

"Ndimafuna azibweza, malume."

"Mverani. Mbalame iyi ikadzaononganso kanthu pamudzi pano, mutenge iyo ndi bulangete lanu. Mwana wa mlongo wanga atsala. Sindidzabwerezanso."

Dorika anali ndi pakati pa miyezi isanu. Anamva zonse ali pakhomo.

"Kamtayeni kutali," anauza mwamuna wake. "Kapena mukufuna mwana uyu adzamve kuti bambo wake anachotsedwa ndi khwangwala?"

Lameki anamangirira Kapitawo ndi luzi kumwendo, paphata pa mtengo wa papaya. Mbalameyo inaleka kudya n'kuyamba kudzithothola nthenga. Sabata isanathe Lameki anaimasula. Anadziuza kuti aziiyang'anira, ndipo msika ukangodutsa adzaona chochita.

Loweruka, pa 11 Juni 1955, fodya yense anali atauma. Anali atasankhidwa, kumangidwa timitolo ndi kusanjidwa m'chigafa, kudikira msika umene unkatsegulidwa sabata yotsatira. Chigafacho chinali cha denga la udzu, kutsogolo kwa nyumba ya aNachisale. A Frazer anali ataletsa moto uliwonse pafupi nacho. Mwera unkaomba kuyambira m'mawa, wouma ndi wozizira.

Dorika anapita kuchitsime kudambo ndi mitsuko. Lameki ankasoka ziguduli zonyamulira fodya kuseri kwa nyumba yake. ANachisale anakhala pakhonde pawo kusenda mtedza m'lichero, woolawo n'kumaponyera nkhuku. Kapitawo anali pakati pa nkhukuzo m'mawa wonse, ndipo ankatola mofulumira kuposa izo.

Dzuwa litakwera, aNachisale anapichira fodya wa chingambwe m'khoko la chimanga, n'kukayatsa kukhitchini. Anakoka kangapo. Mbuzi inafika palichero, ndipo iwo anaika nduduyo pamwala n'kunyamuka kuti aithamangitse. Nduduyo inali yoyera, yotalika ngati chala. Kapitawo anaitola kumbali yosayaka. Anayang'ana uku ndi uku kufuna Lameki. ANachisale atacheuka anakuwa n'kumukupiza ndi nsalu, ndipo mbalameyo inauluka n'kukatera pamwamba penipeni pa chigafa.

Lameki anamva mfuu n'kuthamanga. Atazungulira nkhokwe anapezeka ali maso ndi maso ndi apongozi ake. Onse awiri anatembenuka, iye kuyang'ana pansi, iwo kukokera nsalu kumaso. Kenako anaona kumene dzanja lawo linkaloza.

Kapitawo anali ataima pamwamba pa denga, ndudu ili kukamwa. Kautsi kopyapyala kankapita chammbali. Mphepo ikaomba, nsonga ya nduduyo inkafiira.

Lameki anaimba likhweru. Mbalameyo inapendeketsa mutu n'kumuyang'ana ndi diso limodzi. Anatulutsa mtedza m'thumba, anauonetsa, n'kutambasula chikhatho.

"Bweza."

Kapitawo sanasunthe.

"Kapitawo. Bweza."

Mbalameyo inaweramitsa mutu ngati ikufuna kuika nduduyo pansi pa phazi, monga inkachitira ndi chinthu chimene ikufuna kuchisasula. Lameki anaimbanso likhweru, mokweza. Mutu unadzuka. Ndudu inali idakali kukamwa.

A Frazer anafika akuthamanga kuchokera kudimba, n'kuponya khasu pansi. Anaona denga, anawerama, n'kutola mwala. Atakweza mkono, Lameki anawagwira pamfundo ya dzanja.

A Frazer anayang'ana dzanja limene linawagwiralo.

"Mwandigwira ine?"

"Pepani, malume. Mukagenda alira. Akalira atsegula kukamwa."

"Tayeni."

"Ponyani kaye mwalawo pansi."

Anayang'anizana. A Frazer anatsegula zala, mwala unagwa. Lameki anawataya.

"Nanga tikwere?" anafunsa a Frazer, mawu ali pansi.

"Denga likagwedezeka adumpha. Madzi alipo?"

Madzi kunalibe. Mitsuko yonse inali kudambo ndi Dorika. M'chigafamo munali ntchito ya anthu anayi kuyambira nazale, ndipo udzu wa pamwamba pake unali usanalawe mvula chiyambire Epulo.

ANachisale anali ataima pafupi ndithu, atafulatira. Lameki analankhula kwa a Frazer.

"Malume, tafunsani amayi ngati mbalameyi yadya kanthu."

"Akuti yadya kanthu?"

"Auzeni kuti yadya mtedza wanga kuyambira m'mawa," anatero aNachisale, akuyang'ana khoma. "Kuposa nkhuku zonse."

"Akuti yadya mtedza kuyambira..."

"Ndamva, malume. Ndiye mtedza saufunanso. Tafunsaninso ngati..."

Padenga, Kapitawo anasintha phazi. Phulusa linathothoka kunsonga kwa ndudu, mphepo n'kulimwaza pa udzu. Onse atatu anayang'ana pamene lagwera. Sipanatuluke utsi.

ANachisale anatembenuka n'kuchotsa nsalu kumaso.

"Achimwene, tachokani pakati, mukutichedwetsa. Lameki, nenani. Ikufuna chiyani?"

Lameki anali asanamvepo dzina lake pakamwa pawo. Anayang'ana pansi.

"Chimene sinalawepo, amayi. Dzira. Sindinaipatsepo, ndimaopa kuti izolowera."

"Nkhuku yanga ikukhalira mazira m'nyumba."

"Muitenge bwino, isalire."

ANachisale analowa m'nyumba. Panapita kanthawi. Kenako thadzi linakuwa m'katimo, kukuwa kwa nkhuku yolandidwa. Kapitawo anatukula mapiko n'kudumpha, n'kuteranso chapansi pang'ono pa dengalo. A Frazer anagwira kumutu. Ndudu sinagwe.

ANachisale anatuluka ndi dzira. Sanaliike pansi kuti Lameki atole, monga zikanayenera. Anamutambasulira dzanja. Lameki anazengereza pang'ono, kenako analandira ndi manja awiri. Dziralo linali lofunda.

"Tsopano musasunthe," anatero Lameki. "Nonse."

Anagogoda dzira pa bondo n'kuboola pamwamba ndi chala. Analikweza kuti mbalameyo ione zamkati. Kapitawo anatambasula khosi. Thupi lonse linapendekera kutsogolo, ndipo mlomo unayamba kumasuka.

Apa ndi pamene panali poopsa. Mbalame ikafuna chakudya kwambiri imataya chimene yanyamula n'kuthamangira chakudyacho. Lameki anabweza dzira msanga n'kulibisa kumbuyo. Anatambasula chikhatho chinacho.

"Bweza."

Kapitawo anayang'ana chikhatho. Anayang'ana kumene dzira linalowera.

"Yaiwala," ananong'ona a Frazer.

"Khalani chete, achimwene," anatero aNachisale.

"Bweza, Kapitawo," anatero Lameki, ndi mawu omwe aja a masiku onse, osakweza.

Mbalameyo inayamba kutsika dengalo ndi miyendo, chammbali, phazi limodzi kenako linzake. Pamalo ena inaterereka, mutu unagunda udzu, n'kudzukanso. Itafika kumapeto kwa denga inaima. Lameki anaumitsa mkono. Kapitawo anatambasula mapiko, anadutsa pabwalo chapansipansi, n'kutera pamkonopo. Anaika ndudu m'chikhatho.

Lameki anatulutsa dzira pomwepo n'kuliika pansi. Mbalameyo inalumphira pa dziralo n'kulowetsamo mlomo.

A Frazer anapuma mwamphamvu. ANachisale anatenga nduduyo m'dzanja la Lameki n'kuitembenuza. Anaikhudza kunsonga ndi chala.

"Mutu wake palibe," anatero.

"Wazima?"

"Sunazime. Wathothoka. Ine fodya uyu ndimamudziwa, sazima msanga."

Anayang'ana kudenga. Poyamba sanaone kanthu. Kenako, pamene mbalame inaterereka paja, panaoneka kautsi kotuwa kakutuluka pakati pa udzu.

Lameki anakwera nsanamira ya pakona. Anakwawa chafufumimba, mapaso akulira pansi pake. Asanafike, mphepo inaomba ndipo lawi linatuluka, lalikulu ngati chikhatho. Analiphimba ndi manja onse awiri n'kukanikiza. Anazula udzu woyakawo, anaufinya, n'kuuponya kutali pabwalo, kumene a Frazer ndi aNachisale anaupondaponda. Anazulanso wozungulira malowo mpaka panatsala bowo loti mutu wa munthu n'kulowa. Anasuzumira. Pansi pake panali timitolo ta fodya, tosanjidwa bwino.

"Lowani m'kati, malume! Onani pansi pa bowoli!"

A Frazer analowa n'kuyamba kuphwasula mulu umene unali pansi pa bowo. Ankatenga kamtolo kalikonse, kukanunkhiza, kukapapasa, n'kukaika pambali. Pa kamtolo kamodzi anapeza tsamba lili ndi kabowo kakuda, m'mphepete mwake mukufuka. Anakafinya ndi zala n'kutuluka nako panja. Anabwerera n'kupitiriza mpaka pansi pa muluwo. Lameki anakhalabe padenga, akulowetsa zala mu udzu kufufuza pofunda. Sanapeze pena.

Atatsika m'pamene anaona manja ake. Zikhatho zonse ziwiri zinali zitatupa matuza, ndipo la kumanja linali litasupuka.

A Frazer anatuluka m'chigafa akupukuta thukuta. Anaima pakati pa bwalo. Kapitawo anali akugubuduza chikamba cha dzira ndi mlomo.

"Ndinanena mu Meyi," anatero a Frazer. "Simunamve. Lero mwandigwira mkono pamaso pa mlongo wanga. Fodya wa chaka chonse anatsala pang'ono kukhala phulusa. Dzuwa lisanalowe mukhale mutanyamuka, inu ndi mbalame yanu."

Lameki anagwada, manja ali m'mwamba kuti asakhudze dothi. 

"Moto unali wa yani?" anafunsa aNachisale.

"Nkhani si imeneyo."

"Ndafunsa. Munaletsa moto pafupi ndi chigafa. Anayatsa ndani? Mkamwini sasuta. Ndinayatsa ndine, n'kuika pamwala ndine. Ndiye ndiyambe ine kumanga katundu?"

"Mbalame ikanapanda kukhalapo..."

"Mbuzi ikanaukankhira pa makoko a mtedzawa, mphepo n'kuchita zotsalazo. Ndipo inu mukanagenda, bwenzi pano tikuwotha."

A Frazer anayang'ana mwala uja pamene unagwera.

"Mawu anga sabwerera," anatero.

"Theka libwerere. Mbalame ichoke, imeneyo ndi mbala ndithu, ndavomera. Munthu atsale. Mwana ndi wanga, munda ndi wanga, ndipo manja apsawa apsera fodya wanga."

A Frazer anayang'ana bowo la padenga. Kenako anatembenukira kwa Lameki.

"Mwamva?"

"Ndamva, malume."

"Mbalame ichoka liti?"

Lameki anayang'ana Kapitawo. Mbalameyo inali itamaliza dzira ndipo inkapukuta mlomo pa nthaka. Inamuyang'ana, kudikira ngati pali china.

"Mawa, tikaweruka kutchalitchi. Ndikamusiya kwa Khamisi. Ali ndi khola lotseka."

"Ikabwerera ndiipha ndekha."

"Ndamva."

"Ndipo bowolo mufolere mvula ya mwera isanadze." A Frazer anatola khasu lawo n'kubwerera kudimba osacheuka.

Lameki anadzuka kuti azipita kuseri kwa nkhokwe.

"Mukupita kuti ndi manja otero?" anatero aNachisale. "Khalani apo."

Analoza pakhonde. Lameki anaima.

"Pamenepo, amayi?"

"Dzira langa munalandira. Khonde likulumani?"

Anakhala m'mphepete mwenimweni, miyendo ili pansi. ANachisale analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi ndi nthenga ya nkhuku. Anang'amba kansalu kakale pakati. Anagwira dzanja lamanja la Lameki, analitembenuza, n'kuyamba kulipaka. Lameki analuma mano, maso ali kunkhokwe.

Dorika anatulukira panjira ya kudambo, mtsuko uli pamutu, wina m'manja. Anaona bowo padenga la chigafa, udzu wakuda pabwalo, ndi khwangwala ali ndi mlomo wachikasu. Kenako anaona mwamuna wake atakhala pakhonde pa amayi ake, dzanja lake lili m'manja mwawo. Anaima, madzi akutayikira paphewa.

"Amayi?"

"Tula madziwo," anatero aNachisale, osadzutsa mutu. "Ubwere ugwire dzanja linalo. Amuna akowa akunjenjemera, sindikutha kumanga."